Akufunidwa: X ndi Mnzake Y

Inu nonse amene munathawa masamu muli Fomu 2, koma mpaka lero chenji mumawerenga kawiri! Khalani pansi. Sabata ino tili ndi x ndi mnzake y, anyamata awiri aja a m'ma simultaneous equations, amene dziko lonse lakhala likuwasakasaka m'makalasi. Akapezeka Lolemba, pofika Lachiwiri athawanso.

Tiyambire ku Dedza. Mnyamata wa Fomu 2 anali pakhonde akutafuna cholembera, agogo ake akusenda kachewere pambali. Anawerenga funso mokweza: "M'khola muli nkhuku ndi mbuzi. Mitu ilipo 20, miyendo 56. Nkhuku ndi zingati, mbuzi ndi zingati?" Agogo anaika mpeni pansi. "Mitu aiwerenga payokha?" "Eya, agogo." "Miyendonso payokha?" "Eya." Agogo anaimirira, namanga chitenje chatsopano, n'kuyamba kufunafuna mpango. "Ndiye kuti zaphedwa kale zimenezo. Iwe ukhaliranji pansi? Thamanga ukafunse kuti ukwatiwo uli kwa yani."

M'mawa mwake aphunzitsi anaonetsa njira yachidule. "Lamulani ziweto zonse 20 zikweze miyendo iwiriiwiri m'mwamba. Miyendo 40 yachoka pansi. Nkhuku zonse zagwa chagada. Pansi patsala miyendo 16, ndipo yonseyo ndi ya mbuzi zoima ndi miyendo yakumbuyo. Ndiye mbuzi zilipo 8, nkhuku 12." Kalasi lonse linaomba m'manja. Tsiku lotsatira mnyamata uja anafika akutsimphina, kabudula atang'ambika kumbuyo. "Sala, njira yanu ija ndakaiyesa kwathu. Nkhuku zinamvera bwinobwino. Tonde ndiye sakonda masamu."

Funso la mitu ndi miyendoli si la dzulo. Limapezeka m'buku la masamu la Sunzi la ku China, lomwe latha zaka zoposa 1,500: mitu 35, miyendo 94, akalulu ndi mbalame zonga nkhwali ali m'khola limodzi. Mtsikana wina ku Zomba anawerengetsa napeza mbalame 23 ndi akalulu 12, n'kukadzitamira kwa atsibweni ake amene amaweta akalulu kuseri kwa nyumba. Atsibweni anafunsa za zakazo kawiri. "Zaka 1,500, akalulu akadali 12 omwewo?" "Inde, malume." Atsibweni anapukusa mutu mwachisoni. "Anamupusitsa munthuyo. Anamugulitsa amuna okhaokha."

Kupolisi kwina, m'nyumba za kulaini, mwana anapita kwa bambo ake atanyamula kope. "Adadi, aphunzitsi akuti tipeze osadziwika awiri, x ndi y." Bambo anavala magalasi natulutsa kabuku m'thumba la malaya. "Anaoneka komaliza liti?" "Pabolodi, cha m'ma 10 koloko." "Anali limodzi?" "Sasiyana, adadi." "Mboni zilipo?" "Kalasi lonse." Bambo anagwedeza mutu, nalanda kope, nalemba ndi zilembo zikuluzikulu, n'kusaina pansi pake. Mawa lake aphunzitsi anapeza kuti funso 1 mpaka funso 10 yankho lake ndi limodzi: "Kafukufuku akadali mkati."

Mnzake wa mwanayo sanafune kudikira kafukufuku. Anagwira tambala wa amayi ake n'kulunjika kwa sing'anga wa kuseri kwa phiri. "Agogo, mundipezere x ndi y." Sing'anga anagwedeza nsupa, nasuzumira pagalasi, nayetsemula katatu. "Ndawaona. Alipo awiri, ndipo amayendera limodzi." Mnyamata maso tuzu. "Zoona, agogo! Aphunzitsi anateronso!" "X ndi wa kuchimuna kwanu. Y ndi neba wanu wa nyumba ya malata uja." "Nanga manambala awo?" Sing'anga anatseka nsupa ndi chitsononkho. "Manambala a foni ndi tambala wina."

Ku Ndirande mtsikana anafika kunyumba akusekerera. "Amayi, tamverani. Mandasi anayi ndi zitumbuwa ziwiri ndi K1,000. Mandasi awiri ndi zitumbuwa ziwiri ndi K600. Aphunzitsi akuti tichotse zachiwirizo pa zoyambazo. Zitumbuwa zithana zokha, atsala mandasi awiri a K400. Ndiye mandasi ndi K200 limodzi, chitumbuwa K100!" Mayi anali akutembenuza mandasi m'chiwaya, osacheuka. "Aphunzitsi ake ati?" "A masamu, aatali aja." "Okonda tayi yofiira?" "Omwewo." "Ukawauze kuti mandasi anayi ndi zitumbuwa ziwirizo n'zoona, anatenga. K1,000 yo ndiye sindinaione."

Sukulu ina ku Kasungu ikugwiritsabe ntchito mabuku omwe anaphunzirira makolo a anawo. Funso linati buledi awiri ndi paketi ya shuga ndi K70, buledi mmodzi ndi paketi ya shuga ndi K50. Mwana anawerengetsa n'kufuula ali pamkeka: "Ndapeza! Buledi K20, shuga K30!" Bambo ake, omwe anali mtulo wailesi ili pamimba, anadzambatuka, navala nsapato zosiyana, natulutsa njinga ndi matumba awiri a fetereza. "Usafuule, aneba angamve. Tandinong'oneza, golosale yake ili pati?"

Mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti, madamu ena anapereka funso la mtengo wa sopo ndi mafuta ophikira, mphindi 15 zokha. Mwana wa mwini golosale anabweretsa pepala lobooka ndi kufufuta. "Bwanji wafufuta chonchi?" "Madamu, ndimati ndikapeza x, ndipeza y wakwera. Ndikabwerera kwa x, nayenso wakwera." "Ndiye yankho lako ndi liti?" "Mubwere mawa, madamu. Lero sitikugulitsa, tikuwerenga katundu."

Tilowe ku mafunso a zaka, komwe kumagwera anthu ambiri. "Zaka za bambo n'zochuluka katatu poyerekeza ndi za mwana wawo. Pakatha zaka 12 zidzakhala zochuluka kawiri." Kalasi lonse linapeza bambo 36, mwana 12. Mmodzi yekha anasemphanitsa zilembo, nalemba bambo 12, mwana 36. Madamu anamuimiritsa kutsogolo. "Iwe, unaona kuti bambo wa zaka 12 ali ndi mwana wa zaka 36?" Mnyamata sanaphethire n'komwe. "Kwathu, madamu. Ndi bambo aang'ono."

Funso lomwelo linafika kwa kochi wa timu ya achinyamata, mwana wa mlongo wake atapempha thandizo. Kochi anamvetsera muluzu uli pakhosi. "Mwanayo ali ndi zaka 12?" "Inde, malume." "Za kunyumba kapena za pabwalo?" "Sananene. Koma pakatha zaka 12 adzakhala ndi 24." Kochi anaseka mpaka kugwira bondo. "Mphwanga, akakhala kuti amamwetsa zigoli, pakatha zaka 12 adzakhala ndi 16."

Kusukulu ya madzulo, ija amalowa akuluakulu ofuna kubwereza MSCE, aphunzitsi anamenya bolodi ndi rula. "Lamulo ndi limodzi, ndipo musaliiwale. Chimene mwachita mbali iyi, muchitenso mbali inayo. Mukaonjezera 5 kuno, muonjezerenso 5 uko. Mukachotsa kuno, muchotsenso uko." Kumbuyo kunamveka kuusa moyo kwakukulu. Anali bambo wa mitala, chipewa chili pabondo. "Aphunzitsi, mukanaphunzitsa zimenezi chaka chatha. Ndinagula chitenje chimodzi pa Khirisimasi. Mpaka lero ndikudya kwa achemwali anga."

M'kalasi lomwelo, sabata inayo, aphunzitsi analemba x + y = 5, pansi pake 2x + 2y = 10. "Taonani msampha. Mzere wachiwiriwu sukunena chatsopano, ukungobwereza woyamba. Ziwiri zikanena zofanana ndendende chonchi, choona chenicheni simungachipeze." Mayi wina wa kutsogolo anaomba m'manja kamodzi, phaa! "Ameni, aphunzitsi. Bambo a kwathu ndi mnzawo amatero Loweruka lililonse."

Kumudzi, mdzukulu wa anyakwawa anayala kope pansi pa mtengo wa kachere, pabwalo pomwe pamaweruzidwa milandu. "Agogo, apa tichotsa y kuti x atsale yekha." Anyakwawa anakweza nsidze. "Walakwa chiyani y?" "Sanalakwe. Kungoti akakhala awiri, x sitingamudziwe." "Ankhoswe ake adziwitsidwa?" "Ayi, agogo. Koma tikangomupeza x, y timubwezeretsa pamalo pake." Anyakwawa analingalira kanthawi, nagogoda ndodo pansi. "Kuthamangitsa munthu m'mudzi popanda mlandu, kenako n'kumubwezanso? Zotheka. Koma x abwere ndi mbuzi, y abwere ndi nkhuku."

Aphunzitsi ena amakonda mbiri kuposa choko. Mmodzi anauza ana kuti dzina lakuti algebra linachokera pa mutu wa buku la al-Khwarizmi, katswiri amene ankagwira ntchito ku Baghdad cha m'ma 820. M'bukumo munalibe x kapena y, mafunso onse anali a mawu okhaokha, ndipo gawo lalikulu linali la kagawidwe ka chuma cha masiye. Mwana wina anakafotokozera bambo ake aakulu, amene pamaliro a pachibale sachedwa kufika. Iwo anadabwa kwambiri. "Kugawa chuma cha masiye mpaka kulemba buku? Kwawoko kunalibe malole?"

Aphunzitsi omwewo ananenanso za René Descartes wa ku France, amene mu 1637 anatchukitsa zoti zinthu zosadziwika tizilemba x, y ndi z. Munthuyu ankakonda kugona mpaka dzuwa litakwera. Atapita ku Sweden, Mfumukazi Christina ankafuna maphunziro 5 koloko m'mawa m'nyengo yozizira, ndipo patangotha miyezi yochepa, mu 1650, Descartes anamwalira. Mawa lake ku Mzuzu, kunja kuli chifunga, mayi anakagogoda kuchipinda cha mnyamata wawo. "Dzuka, uwerenge masamu!" Mawu anatuluka pansi pa bulangete: "Amayi, zimenezi zinapha mwiniwake. Nanga ine?"

Wachitatu anali Robert Recorde wa ku Wales, amene mu 1557 anayambitsa timizere tiwiri tija tosonyeza kuti mbali ziwiri n'zofanana. Chaka chotsatira anamwalira ali m'ndende ya anthu angongole. Nkhaniyi inafika kwa bambo wina wa katapila, akuwerenga ziphaso za anthu zomwe amasunga m'chikwama. Sanamve chisoni ngakhale pang'ono. "Mwaonatu. Ankayesa kuti chimene watenga ndi chimene ubweze n'zofanana."

Tikwere minibasi. Mtsikana ali pampando wakumbuyo, kope lili pamwendo. Funso likuti ulendo woyamba akulu 10 ndi ana 4 analipira K12,000, ulendo wachiwiri akulu 8 ndi ana 6 analipira K11,000. Iye anachulukitsa mzere woyamba ndi 3, wachiwiri ndi 2, ana nathana, napeza wamkulu K1,000, mwana K500. Kondakitala anali akusuzumira, ndalama zili pakati pa zala. "Asisi, tawerenganinso. Anthu onse analipo angati?" "14." "Ulendo wachiwiri?" "14 omwewo." Kondakitala anabweza kope. "Palibe ulendo apa. Galimoto imeneyo ikadali pasiteji."

Dalaivala wa basi nayenso anapatsidwa lake ndi mwana wake, ali pakati pa nsima. "Adadi, basi ina yanyamuka ku Blantyre, ina ku Lilongwe, nthawi imodzi. Tinene kuti mtunda ndi makilomita 300. Ina ikuthamanga kuposa inzake ndi makilomita 10 pa ola, ndipo zikumana pakatha maola awiri." Dalaivala anasiya mbamu m'mbale. "Zitani?" "Zikumana, adadi. Ina ikuyenda 80, ina 70." Dalaivala anasamba m'manja nsima isanathe. "Mabasi akakumana timamva pawailesi, mwanawe. Ukawauze aphunzitsi akowo kuti zidutsane."

Wakabaza wa pa Chinsapo anamva funso lake kwa kasitomala wa yunifolomu. "Achimwene, ulendo wa makilomita awiri ndi K900, wa makilomita asanu ndi K1,800. Pali ndalama yongokwerera, ndiye pali ya kilomita iliyonse. Ndapeza kuti zonse ndi K300, K300." Wakabaza anapalasa osayankha mpaka chitunda chitatha. "Wokwerayo ndi wonenepa bwanji?" "Sananene." "Kuli matope?" "Sananene." "Wavala chiyani?" "Zimenezo zikukhudzana bwanji ndi masamu?" "Aise, akavala suti, y amakwera yekha."

Ku Liwonde, mwana wa msodzi anawerengera bambo ake akusoka ukonde. "Bwato likamatsika mtsinje wa Shire limayenda makilomita 12 pa ola. Likamakwera limayenda 8. Ndiye liwiro la bwato ndi 10, la madzi ndi 2." Msodzi anadula ulusi ndi mano. "Mvuu aziika pati?" "Mulibe mvuu m'funsomu, ababa." "Mu Shire mulibe mvuu? Amene analemba zimenezi sanapalasepo. Mvuu ikangotulutsa mphuno, kukwera ndi kutsika liwiro limakhala limodzi, ndipo wina amafika kumtunda bwato lisanafike."

Mumsika wa Limbe muli bambo wogulitsa mpunga amene mwana wake anabwera ndi funso la kusakaniza. Mpunga wa Kilombero, wonunkhira uja wa ku Karonga, pa K3,000 kilogalamu, usakanizidwe ndi wamba wa K2,000, kuti thumba la makilogalamu 50 lizigulitsidwa pa K2,400 kilogalamu. Mwana anapeza Kilombero makilogalamu 20, wamba 30. Bambo anayang'ana uku ndi uku, natseka kope ndi dzanja. "Choyamba, aphunzitsi akowo asiye kuulula zinthu pagulu. Chachiwiri, alakwitsa. Kilombero amangofunika makilogalamu awiri a pamwamba, ndipo mtengo ndi K3,000 womwewo."

Ku Area 25, bambo amene m'mawa analumbira kuti alibe ngakhale ya mchere anakhala pansi madzulo kuthandiza mwana. Kuti mwanayo amvetse, anamupangira funso pompo. "Tinene kuti m'thumba la buluku langa muli ndalama zapepala 10, zina za K2,000, zina za K5,000. Zonse pamodzi ndi K32,000. Za K5,000 ndi zingati?" Kukhitchini mthiko unasiya kulira. Panamveka chitseko cha kuchipinda. Mwana anatuluka thukuta, kenako nafuula: "Zinayi, adadi!" Mayi anatulukira akupinda kanthu pa mfundo ya chitenje. "Lemba zitatu, mwanangu."

Mayankho ena amabwera ndi zodabwitsa. Mnyamata wina ku Ntchisi anapeza kuti mbuzi zilipo -3. Aphunzitsi anazunguliza ndi cholembera chofiira. "Khola lingakhale ndi mbuzi zosakwana ziro? Zimenezi sizichitika." Mnyamata anakana. "Zimachitika, Sala. Ndi za chindapusa zija adadi sanapereke kwa amfumu."

Kwinanso aphunzitsi analakwitsa okha polemba funso: pamsonkhano wa m'mudzi panali anthu 25, ndipo akazi anaposa amuna ndi 10. Mtsikana anawerengetsa kangapo, yankho osasintha: akazi 17 ndi theka, amuna 7 ndi theka. Anayamba kulira. Agogo ake aakazi anabwera akupeta chimanga. "Ukuliriranji? Zakhoza zimenezo." "Agogo, akazi 17 ndi theka?" "Mmodzi ndi woyembekezera." "Nanga amuna 7 ndi theka?" Agogo analoza ndi lichero kwa bambo wina amene ankakonza nkhokwe pakhomopo. "Thekalo ndi mkamwini."

Mphunzitsi wochemerera Bullets sangabise. Analemba pabolodi kuti Bullets yasewera masewero 10 osagonja, ili ndi mapointi 24, kupambana ndi mapointi atatu, kufanana mphamvu imodzi. Yapambana kangati? Ana anapeza kupambana 7, kufanana mphamvu 3. Koma mnyamata wina, wa Manoma kuyambira kwa agogo ake, anapinda manja osalemba. Aphunzitsi atamuopseza, analemba msangamsanga n'kupereka: "Yapambana kawiri. Ena onsewo ndi a patebulo."

Njira ya graph nayo ili ndi anthu ake. Mwana anajambula mizere iwiri papepala la timabokosi, nafotokozera bambo ake, omwe ali ndi nyumba za lendi ku Bangwe. "Pamene mizere yadutsanapo, yankho lili pomwepo. Koma iyi yayenda moyandikana mpaka pepala latha. Aphunzitsi akuti yotereyi sidzakumana mpaka kalekale." Bambo anaiyang'anitsitsa, misozi ili pafupi. "Ndaizindikira. Uwu ndine. Winawu ndi mnyamata wa nyumba nambala 4."

Mnyamata wa Fomu 4 anapempha amayi ake bandulo ya K2,000 kuti ayeserere mafunso a masamu pa intaneti. Pofika madzulo bandulo yatha, kope likadali loyera. Mayi, amene ndi mlembi wa banki mkhonde, anatenga cholembera. "Tinene kuti x ndi ya masamu, y ndi ya TikTok. Zonse pamodzi K2,000. Ndayang'ana m'foni, y ndi K2,000." Mnyamata anakanda mutu. "Mwaonatu, amayi. Mwapeza x mosavuta chifukwa cha bandulo yomweyo."

Nyengo ya mayeso oyeserera, mphunzitsi anapeza pepala lomwe mayankho ake onse anali okhoza, koma popanda kuwerengetsa kulikonse. Anaitana mwini wake. "Ndinanena kuti muonetse njira. Kwa MANEB yankho lokha silikupatsa malikisi onse. Njira yomwe wadzera ili kuti?" Mnyamata anatenga pepala, nakhala pansi, nalemba mosamala, n'kubweza. Panalembedwa kuti: "Kuchoka pa desiki yanga, kukhotera kumanzere, kudumpha phewa la mtsikana wa kutsogoloyu."

Mnzake analowa ndi likasa m'sokosi. Anali atakopera mayankho a pepala la chaka chatha, x ndi 4, y ndi 3, ndipo anawalemba pa funso lililonse mosaopa. Zotsatira zitabwera anakadandaula kwa agogo ake aamuna. "Agogo, chaka chatha x anali 4. Ndinaona ndi maso angawa. Chaka chino akuti ndi 11." Agogo anafwenkha fodya, nayetsemula. "Anakwera msanga chotere? Ameneyo ali ndi m'bale wake ku likulu."

Zotsatira za MSCE zitatuluka, mnyamata yemweyo anapeza 9 pa masamu, ndipo amene analembapo akudziwa kuti kumeneko ndi kumchira, 1 ndiye kumutu. Anafika kunyumba mwakachetechete. Agogo aakazi anamufunsa, iye nayankha chapansipansi. "Naini?" Agogo analuluta mpaka nkhunda zinauluka padenga, nalamula kuti aphe nkhuku. Ali mkati mosula, anamva kwa aneba kukulira ng'oma. "Kumeneko kwagwanji?" "Mwana wawo wapeza 1, agogo." Agogo anatsitsa mawu. "Kalanga ine. Muwapatseko chiwindi, akudzilimbitsa mtima."

Tsiku la makolo, aphunzitsi a masamu anaimirira kudandaula kuti ana sakuyeserera mafunso kunyumba. "Masamuwa amafuna tsiku ndi tsiku. Mwana azichita mafunso osachepera asanu asanagone. Ndani angalonjeze kuti azimuthandiza mwana wake kupeza x ndi y?" Holo yonse zii. Ena anayamba kuyang'ana nsapato zawo, ena kuyankha mafoni osalira. Kenako bambo wina wachikulire anaimirira, nakonza jekete. "Aphunzitsi, ine ndinawasaka anthu amenewa mu 1988, sindinawapeze. Mwana wanga woyamba anawasaka, sanawapeze. Pano mukutuma mdzukulu. Bwanji tingovomereza kuti anapita ku Joni?"

Nanunso owerenga musachoke chimanjamanja, nali lanu. Malipiro anga ndi x, ngongole zanga ndi y. Mukaziphatikiza ndi K500,000. Mukachotsa x pa y patsala K300,000. Amene wapeza x asauze alandilodi. Amene wapeza y asauze apongozi. Tionana sabata yamawa.